Diresi la Kakowa Layamba Kuthina

Lamlungu, pa 25 Meyi

Okondedwa Amayi,

Choyamba ndifunse za moyo wanu. Mukudzuka bwanji masiku ozizira ano? Nanga bondo lija likukulolani kufika kudimba, kapena mukungolamula muli pakhonde? Ine kuno ndili bwino. Mdzukulu wanu Kakowa ali bwino. Mawu amenewa ndawaika pamwamba dala, kuti mtima wanu ukhale pansi musanamve zinazo.

Alamu, ndikudziwa kuti ndinu amene mukuwawerengera amayi kalatayi. Chonde lowani m'nyumba mutseke chitseko, ana muwatume kumjigo. Muli nkhani ya mankhwala a mwana, ndipo mwiniwake safuna kuti imveke pabwalo. Muwerenge modekha. Pomwe amayi anene kuti bwerezani, mubwereze.

Amayi, mundikhululukire kuti chiyambire Febuluwale sindinakulembereni. Achimwene akaimba foni ndinkangoti tikuyesayesa. Sikunali kunyozera ayi. Ndinalibe chabwino choti ndilembe, ndipo choipa sindinafune kuchikweza basi kuti chikakupezeni muli nokha. Tsopano chabwino chapezeka, ndiye ndifotokoza zonse monga zinayendera.

Munanditumizira mwanayu pa 9 Januwale, ali ndi kachikwama kake, botolo la mankhwala ndi thumba la mtedza lomwe munamanga nokha. Munati kuno chipatala chili pafupi, akamuone chifukwa chake akungotha thupi pomwe mankhwala a kachilombo kamene anabadwa nako amamwa osadumphitsa. Atatsika basi sindinamuzindikire msanga. Miyendo yaitali ija yomwe inamupatsa dzina ndinaiona, koma pamwamba pake panali ngati palibe munthu. Mtsikana wa zaka 15, ndinamugwira mkono zala zanga n'kukumana.

Sabata yomweyo ndinamupezera malo kusukulu yapafupi, ndipo ndinagula nsalu yabuluu kuti ndimusokere diresi la sukulu. Kushopu komwe ndimasoka, eni ake ndi bambo wina wachikulire amene tonse timawatchula a Sizasi, chifukwa sachedwa kudula. Ataona mmene ndajambulira ndi choko anafunsa ngati ndikusokera mwana kapena ndikusokera ine ndemwe. Ati tepi yanena kale mmene mwanayo alili, dulani pomwepo, nsalu yambiri mkati imatupitsa msoko.

Ndinawayankha mwaulemu kuti diresi ili lokha andilole ndichite zanga. Ndinalidula pa muyezo wa mtsikana wa msinkhu wake, osati pa muyezo umene tepi inandiuza. Nsalu yotsalayo, zala zinayi mbali iliyonse, ndinaipinda mkati, n'kuisita mpaka inagona bwino.

Inu mukudziwa chifukwa chake. Madiresi a malemu mkulu wanga, mayi wake wa mwanayu, ndine ndinkawachepetsa chaka chija, ndipo ndinkadula. Ndikadula, pakutha pa mwezi ankabweranso kuti ndichepetsenso. Mapeto ake ndinatsala ndi tizidutswa ta nsalu todzaza thumba, mwini wake palibe. Pa diresi ili ndinalonjeza mumtima kuti lumo silibwereranso.

Kuchipatala tinapita Lachiwiri pa 14 Januwale. Kumeneko achinyamata ali ndi tsiku lawolawo, sasakanikirana ndi akuluakulu. Amene amatithandiza ndi anesi ena ovala magalasi, olankhula mofulumira koma a mtima wabwino. Anamukweza pa sikelo, inanena makilogalamu 31. Anamuyeza kutalika, n'kumuzunguliza katepi pamkono. Anati kwa munthu wamtali chonchi thupilo lachepa kwambiri, ndipo samusiya mpaka afike 39.

Anatipatsa chiponde cha kuchipatala, chija cha m'timapaketi. Anati adzidya mapaketi atatu patsiku kuwonjezera pa chakudya cha masiku onse, adzimwera madzi abwino, ndipo tidzibwera ku sikelo pakatha sabata ziwiri zilizonse. Ananenetsa kuti chimenechi ndi mankhwala, si chogawana. Ine ndinavomera. Kakowa nayenso anagwedeza mutu, maso ali pansi.

Ine ndimachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa, ndiye ndinapangana naye kuti paketi ikatha asataye. Madzulo ndinkapeza atatu opanda kanthu ali pa tebulo, opindidwa bwino, ndipo ndinkawatunga pa ulusi n'kupachika pa msomali. Sipanasowepo ngakhale imodzi. Chakudya chamadzulo ankangotolatola, ine n'kumati chiponde chamukhutitsa. Ndinkagona mtima uli m'malo.

Koma sikelo inakana. Pa 28 Januwale inanenanso 31. Pa 11 Febuluwale, 31 yemweyo. Pa 25 Febuluwale inatsika kufika 30 ndi theka. M'mawa mwake diresi lija ndinalichepetsanso chala chimodzi mbali iliyonse. A Sizasi anandiyandikizira lumo, ine ndinalibwezera pa tebulo lawo.

Anesi a magalasi anamuyeza makhololo kuti aone ngati ndi chifuwa chachikulu, sichinapezeke. Anamutenga magazi, anati kachilombo kagona, mankhwala akugwira ntchito. Anafunsa ngati akutsekula m'mimba kapena kusanza, iye anakana. Anafunsa ngati chiponde akudya, ine ndinatulutsa ulusi wanga wa mapaketi n'kuuika pa tebulo. Anesiwo anauyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti pali chinachake chimene sitikuchiona.

Pa 11 Malichi sikelo sinasunthe. Pamenepo anesi anati sangadikirenso. Ati tikadzabwera pa 25 isanakwere, amugoneka m'chipatala kuti adzimudyetsa akumuona. Tikubwerera, tili pafupi ndi mlatho wa anthu oyenda pansi, Kakowa anandifunsa ngati amayi akenso anayamba auzidwa za sabata ziwiri. Ndinangomugwira dzanja, tinayenda choncho mpaka kunyumba.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene mudzaseke, ngakhale ine panthawiyo sindinachione. Miyezi yonseyi mwana akutha, ine ndinkanenepa. Masiketi anga anayamba kundiluma m'chiuno. A Sizasi ankati tauni yandiyanja mochedwa, kapena pali bambo wina amene akundidikira pakona ndi kaphukusi. Tsiku lina ndikuwerama kuti ndibaye mapini pa mpendero wa kasitomala, zipi yanga inaphulika, phokoso lake mpaka wosita zovala wa pashopupo anatembenuka. A Sizasi amvekere telala wophulika zipi ali ngati mmisiri wa nyumba amene akugona panja. Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinali ndi manyazi. Ndinkadzifunsa kuti ndine mayi wotani, wonenepa mwana akuuma.

Phala la m'mawa amaphika ndi Kakowa. Linkakoma modabwitsa, lamafuta, lotsekemera pang'ono. Ndinkamuyamikira kuti mtedza wa agogo akuusinja bwino, iye ankangomwetulira.

Lachinayi pa 13 Malichi magetsi anazima kushopu masana. Makina anga ndi a magetsi, opalasa ndi phazi ali ndi a Sizasi okha, ndiye anandiuza kuti ndipite ndikapumule mafutawo angasungunuke. Ndinafika kunyumba nthawi imene sindifikako.

Pachipata ndinakumana ndi amayi a mapasa, oyandikana nafe chitseko, amene amagulitsa tomato pamsewu. Ali ndi tiatsikana tiwiri ta zaka zinayi. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, ati akhala akufuna kundithokoza koma sitipezana. Ati ana awo chiyambire chaka chino masaya atuluka, masana saliranso. Kenako anafunsa kuti zotsekemera za m'mapaketi zija ndimagula kuti, mwina tsiku lina angakwanitseko imodzi. Ndinasolola dzanja langa n'kulunjika kuchitseko chathu.

Chitseko chathu chinali chotsegula pang'ono, ndinaima osagogoda. Kakowa anali pa mphasa asanavule n'komwe diresi la sukulu. Mapasa aja anali atakhala patsogolo pake, miyendo atatambasula, manja atasamba kale. Pakati pawo panali zivindikiro zinayi za mabotolo, zoikidwa pamzere. Iye ankafinyira chiponde m'zivindikiromo, mapaketi onse atatu, akuyeza ndi chala chachikulu. Pena ankachotsa pang'ono apa ndi chogwirira cha supuni n'kuwonjezera apo. Atamaliza anauza anawo kuti asankhe. Chachitatu anachivindikira ndi kapu n'kuchikweza pa shelefu, ati ichi ncha amayi aang'ono, cha m'phala la mawa. Chotsalacho, chochepa kuposa zonse, ndicho anatenga iye.

Ndinalowa, n'kugwada kusuzumira pansi pa bedi. Thumba lanu la mtedza linali pomwepo, mfundo yanu ija isanamasulidwe.

Sindinakalipe. Anawo ndinawasiya amalize, pakuti sindikanawalanda chili kukamwa, kenako ndinawauza apite kwa amayi awo. Ndinakhala pansi pafupi naye n'kumufunsa kuti mwana wanga, wachitiranji zimenezi.

Anayamba kulira mosatulutsa mawu. Ati amayi aang'ono, nanga ndikanatani, anawo amaima pakhomo n'kumandiyang'ana kukamwa. Ati inunso mumachoka m'mawa ndi phala lopanda kanthu, kukawerama pa makina tsiku lonse kuti ine ndidye. Ati agogo ananena kuti chinthu chikaonedwa ndi maso a wina sichikhalanso chako wekha, ndipo wogawa amatenga pomaliza. Ndinamukumbutsa kuti anesi anati si chogawana. Ati anamva ndithu, koma anesi wawadziwa chaka chino, agogo anawadziwa chibadwire.

Amayi, ndinafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi, chifukwa pa mphasa paja ndinaona inu. Ndinakumbuka chaka cha njala chija, ana asanu ndi mmodzi titakuzungulirani, dzira lowiritsa lili limodzi. Munasolola ulusi kumpendero wa nsalu yanu n'kulidula nawo, chifukwa mpeni ukanaphwanya chachikasu chapakati. Ife tinasankha, inu munatenga chotsala, chimene sichinali chidutswa koma fungo chabe. Lamulo limenelo ndilo linatisunga tonse, ndipo sindikulinyoza. Koma mwanayu analinyamula lonse n'kubwera nalo kuno, ndipo linatsala pang'ono kumumaliza. Pa mapaketi atatu, mwiniwake ankadya osakwana imodzi. Ine ndinkawerenga mapepala opanda kanthu, osayang'ana pakamwa.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala ngakhale silinali tsiku lathu. Nditafotokoza, anesi anavula magalasi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amvekere ndiye kuti chiponde chathu chikugwira ntchito ndithu, changolakwitsa nyumba. Ndinafuna nthaka indimeze. Ngakhale Kakowa anaseka misozi ili m'maso.

Kenako anamufunsa ngati mapiritsi akenso amagawira mapasa. Iye anayankha motsitsa kuti ayi, chifukwa mapiritsi palibe mwana amene amawayang'ana ndi maso a njala. Anesiwo anavomera kuti zimenezo nzoona.

Sanamukalipire. Anamufotokozera kuti mapiritsi amagoneka kachilombo koma samanga mnofu, ndipo thupi la msinkhu wake likukula uku likulimbana ndi matenda, ndiye limafuna zambiri kuposa la munthu wamkulu. Ati mapaketi atatuwo anayezedwa pa thupi limodzi. Anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti mayi telala, nsalu ya diresi limodzi mungasokere anthu anayi? Ndinati ingatuluke mipango yokhayokha. Ati ndiye mwana wanuyu wakhala akuvala mpango miyezi iwiri.

Anauzanso Kakowa kuti ngati akudera nkhawa mapasa, amayi awo abwere nawo ku sikelo ya ana, ndipo akapezeka operewera adzalandira chawochawo. Kwa ine anati vuto si makutu a mwanayu, akumva bwino. Vuto ndi maso amene amaima pakhomo. Ati mupezereni malo opanda maso.

Ndinaganiza njira yonse. M'chipinda chathu chimodzi chija mulibe pobisala, ndipo kutsekera ana a eni chitseko Kakowa sangathe. Malo amene ndinawapeza ndi kushopu, kuseri kwa katani komwe makasitomala amayezera zovala. A Sizasi ndinangowauza kuti adokotala alamula kuti mwana adzidya chakudya chapadera ali yekha. Za kachilombo sindinanene, ndipo iwo sanafunse. Anangolowetsamo kampando ndi botolo la madzi.

Ndiye katoni ya chiponde inasamukira pansi pa makina anga. M'mawa timadzera kushopu, amadya imodzi asanapite kusukulu. Akaweruka amadya yachiwiri, yachitatu tisanatseke. Mwanayu akangolowa pakhomo, a Sizasi amalengeza kuti kasitomala wathu wamkulu wafika, wina asamusokoneze, akuyeza. Amakweza wailesi n'kumupatsa msana. Tsiku lina mayi wina anadikira ndi diresi lake la ukwati m'manja, akung'ung'udza kuti mkatimo muli ndani wochedwa chonchi. A Sizasi anamunong'oneza kuti muli madamu a ku ofesi yaikulu, sakonda kufulumizitsidwa. Katani itatseguka n'kutuluka mwana wa sukulu akupukuta pakamwa, mayi uja anayang'ana kudenga, ife tonse mitu ili pa makina.

Amayi a mapasa nditawauza kuti chija chinali chakudya cha kuchipatala cha mwana wodwala, anachita manyazi kwambiri. Masiku awiri ankandilambalala. Tsiku lachitatu anagogoda ali ndi mazira atatu m'mbale, ati awa nga Kakowa yekha, ndipo anapita ndi ana awo kumsewu kuti asaone. Chiyambire pamenepo sabata siitha osabweretsa kanthu, pena tomato, pena nthochi. Kupatsa n'kuika, mumatero inu. Mapasawo anawatengera ku sikelo, anapezeka kuti ali bwino.

Thumba lanu la mtedza ndinalimasula. Madzulo timakazinga pang'ono, ndipo wogawira mapasa ndi Kakowa yemweyo, m'zivindikiro zomwe zija. Ndinaona kuti manja ake akapanda chogawa amasowa mtendere.

Pa 25 Malichi, tsiku lomwe ankati amugoneka, ndinanyamula bulangete ndi kapu m'chikwama osamuuza. Anakwera pa sikelo, ine ndinayang'ana kukhoma. Ndinangomva anesi akuti 31 ndi theka. Kakowa anapempha kuti atsike akwerenso, mwina yalakwitsa. Anakweranso, inanena chimodzimodzi. Anesi anati bedi lija apatsa wina. Bulangete ndinabwerera nalo kunyumba, ndipo mpaka lero sakudziwa kuti ndinalinyamula.

Kuyambira pamenepo yakhala ikukwera. Pa 8 Epulo, 33. Pa 22 Epulo, 34 ndi theka. Pa 6 Meyi, 36. Lachiwiri lapitali, pa 20 Meyi, 37. Atsala makilogalamu awiri. Tsitsi lasiya kufiira, khungu lasiya kutuwa. Chakudya chamadzulo tsopano amamaliza, pena amafunsa ngati mu poto mwatsala. Wayamba kuimba akamasamba, ndipo wayamba kundiyankha ndikamutuma, zimene ndikuzilandira ngati chizindikiro cha mphamvu. Ine ndatsika makilogalamu awiri, a Sizasi akuti bambo wa pakona uja wandithawa.

Lachitatu m'mawa anatuluka kuseri kwa chitseko atakwiya, ati diresi lake ndalichapa ndi madzi otentha lafota. Ndinamuuza akweze manja. Anakweza mpaka m'mapewa basi, msoko n'kulira. Amayi, ndakhala ndikusoka zaka khumi ndi zinayi, koma kulira kwa msoko sikunandikomerepo ngati tsiku limenelo.

Tinapita nalo kushopu, ndinakhala pansi n'kuyamba kusolola ulusi. Ndinamasula chala chija cha mu Febuluwale, n'kumasulanso zala ziwiri za mu Januwale. Koma mukudziwa mmene mdzukulu wanu amachapira. Kunja diresilo lasuluka, pomwe nsalu ya mkati inatuluka yabuluu woderapo ngati yagulidwa dzulo. Atavala panaoneka mizere iwiri yakuda, kuchoka kukhwapa mpaka kumpendero, mbali iyi ndi mbali iyo.

Poyamba anakwinya nkhope, ati anzake amuseka kuti wavala zigamba. A Sizasi anabwera, anagwira nsaluyo ndi zala, anati pali mankhwala onyika amene angafananitse mtundu ngati tikufuna. Kakowa anaima pa galasi nthawi yaitali, akutembenukira uku ndi uku. Kenako anandifunsa kuti mkatimo mwatsala yochuluka bwanji. Ndinati zala ziwiri mbali iliyonse. Ati mizereyo isiyeni ionekere, ndipo yotsalayo musaichotse, ndikubwera komweko.

Ndinauza wosita kuti nthunzi ya simbi yake ikundilowa m'maso. Iye anati simbi sanaiyatse n'komwe.

Nkhani zina za kuno nzazing'ono. Eni nyumba apaka penti kunja kokha, mkati denga likudonthabe pakona ya kumapazi kwa bedi, koma poti mvula yatha tidzakangana nawo nthawi yake. Mpopi wa pabwalo umatulutsa madzi m'mamawa mokha, ndiye timadzuka ndi zidebe. Magetsi akuzimazima, ngakhale ine sindingawanenere zoipa chaka chino. Msana wanga umawawa ndikakhalitsa, ndaika kapilo pa mpando. Ntchito ilipo, ino ndi nyengo ya majuzi ndi mayunifolomu. Kakowa ayamba mayeso mwezi wamawa, masamu akumuvuta koma zina akukhoza.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha.

Mwanayu akudya, koma akudya ngati wakuba. Kuseri kwa katani kuja amakhala atayang'ana kukhoma. Ndipo mapaketi ndikamawatunga pa ulusi tsopano ndimawafinya kaye. M'paketi iliyonse ndimapeza chatsalamo pang'ono pansi, ngati mutu wa chala chachikulu. Ndikamufunsa amati sindinachione. Koma ine ndikudziwa. Sangathe kumaliza chinthu yekha osasiyako cha wina, ngakhale winayo palibe. Anesi akuti tating'onoto tikaphatikizana ndi tambiri, ndipo chiponde chikadzatha adzafunikabe kumadya mokwanira moyo wake wonse, pali maso kapena palibe. Sindingamusungire katani kulikonse kumene adzapite.

Ndamuuza ine, amuuza anesi, ngakhale amayi a mapasa amuuza. Amavomera ndi mutu wokha. Mfundo imeneyi munamanga ndinu, Amayi, ndipo angaimasule ndinu nokha.

Ndiye ndikupempha kuti Lamlungu pa 8 Juni, mukabwerako kutchalitchi, achimwene abwere ndi foni kwanuko. Ife tidzakhala tili m'nyumba, foni itadzaza moto. Mudzalankhule naye nokha, ndi mawu anu aja amene mumatiitanira tikachedwa kumtsinje. Mudzamuuze kuti ichi chokha ndi chake, amalize mpaka pansi, ndipo amene wamulola ndinu. Musadzamukalipire chifukwa chogawa, pakuti anachita zimene anaphunzira. Musadzamuyamikirenso kwambiri, angayambirenso. Mawu ake mudzawapeza nokha, mumatiposa tonse.

Ndikuuzeninso kuti poyamba anandiletsa kukulemberani zimenezi. Ankaopa kuti mukamva zoti amadya yekha kuseri kwa katani, mudzati tauni yamuwononga. Dzulo ndinamuuza kuti kalata ndilemba ndithu, chifukwa agogo ake akhala ndi nkhawa miyezi yambiri. Anaganiza kanthawi, kenako anati ngati mukulemba, mulembenso kuti ndinayamba ndagawa. Ndiye ndalemba, Amayi. Anayamba wagawa, ndipo anatenga pomaliza.

Mundiperekere moni kwa achimwene, muwauze kuti asadzaiwale tsikulo, ndi kuti foniyo asadzabwere nayo yopanda moto monga amachitira. Alamu, zikomo powerenga, ndipo ngati mawu anakutsamwani penapake musadandaule, inenso polemba ndinaima kangapo. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, kwa mng'ono wanga ndi kakhanda kake kamene sindinakaonebe, ndi kwa ana onse amene tinawatuma kumjigo, tsopano atha kubwerera. Amayi a mapasa akupereka moni ngakhale simunaonane. A Sizasi akuti ndikufunseni ngati ulusi wodulira dzira uja mukadali nawo, akufuna auone.

Mukapita kukasesa kumanda, mukaime pang'ono pa mkulu wanga. Mukamuuze kuti diresi la mwana wake layamba kuthina, ndipo nsalu ikadalipo mkati.

Mulungu akusungeni mpaka tidzamve mawu anu.

Ndine mwana wanu wachitatu,
wa pa makina